Zowonjezera pa funso la kutsuka m'kati mwa muzu wa dzino

Anzathu a ku Angónia, ku Mozambique, anafunsa kuti: dzino likatsukidwa ndi chlorhexidine (mankhwala ophera tizilombo) yekha, bwanji mafinya amabwereranso? Yankho lathu loyamba linali lachidule, ndiye tiwonjezere.

Mabakiteriya a m'muzu, monga Enterococcus faecalis, sakhala payekhapayekha. Amamatirira kukhoma la muzu atadzikuta ndi utomoni ngati ndere, womwe umatchedwa biofilm. Chlorhexidine wa 2% amapha tizilombo timene wawakhudza, koma utomoniwo sausungunula. Wosungunula ndi sodium hypochlorite, wamphamvu pakati pa 1% ndi 5.25%, ndipo amadyanso minofu yakufa. Koma amaguga msanga akakumana ndi zowola, choncho thirani watsopano mukangotulutsa failo (kachitsulo kopalira m'kati mwa muzu) iliyonse. Kuchuluka kwake ndi nthawi imene wakhala m'muzu n'zofunika kwambiri.

Singano yothirira mankhwala ikhale yopyapyala, ya saizi 30G, yabowo la m'mbali, ilekeze mamilimita 2 isanafike kumapeto kwa muzu, ndipo isathine. Mukakankha mwamphamvu mankhwala amapyola kumapeto kwa muzu, tsaya limatupa pompopompo, ululu wake wosasimbika.

Kenako thirani mankhwala ena otchedwa EDTA, a 17%, kwa mphindi imodzi, kuchotsa phala la fumbi la dzino lotseka timabowo ta m'khoma la muzu. Hypochlorite ndi chlorhexidine asakumane: amapanga matope ofiirira othimbiritsa dzino. Tsukuluzani ndi saline (madzi a mchere a kuchipatala) pakati pake.

China, kutentha kwa ku Tete ndi Moatize kumafoola hypochlorite. Botolo lisalowe kuwala, litsekedwe bwino, likhale pozizira, ndipo wosakaniza kale ndi madzi asagone masiku.