Osewera akale akufuna Modern iletsedwe mu ligi ya Street Fighter 6, nditani?

WokonzaLigi:
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto ndipo nthawi yandithera. Ligi yathu ya Street Fighter 6, gemu yomenyana ya kampani ya Capcom, ikuyambiranso posachedwa, ndipo malamulo ayenera kutuluka kalembera asanatsegulidwe. Osewera akale, ena oyambira pa Street Fighter IV ena pa Third Strike (mtundu wa Street Fighter III), agwirizana n'kundilembera uthenga umodzi woti Modern, njira yatsopano yosewerera yomwe imatulutsa zomenya zapadera (ma special) ndi batani limodzi, ikaloledwa iwo sabwera. Awa ndi anthu amene amanyamula ma stick ndi ma monitor awo kudzatithandiza, ndiponso ndi amene amafotokozera owonera zomwe zikuchitika pa stream. Ligi popanda iwo sindikuiona. Komano pafupifupi onse atsopano amene abwera chitulukireni gemuyi mu 2023 amasewera Modern. Iwowa sakunena kanthu, koma ndikuwadziwa, akaletsedwa sadzakangana ndi munthu, adzangosiya kubwera. Amene munakumanapo nazo, munathana nazo bwanji?

WoweruzaWaBracket:
Achimwene, yambani ndi ichi. Capcom yomwe imalola Modern mu Capcom Pro Tour, ndipo ku Evo, mpikisano waukulu wa magemu omenyana, imaloledwanso. Mukailetsa, wosewera wanu akapita ku mpikisano waukulu akakumana ndi chinthu chomwe sanachiyesezepo. Ligi yanu ikhala ikuphunzitsa gemu ina yomwe kunjako kulibe. Ine pamenepa sindikayika, bracket yaikulu (ndandanda wa masewera a mpikisano) itsatire malamulo a eni gemu. Dynamic yokha, njira yomwe gemu imakusankhira zomenya, ndiyo ya kunyumba, imeneyo siilowa mu mpikisano.

StickYakale:
Ine ndili mbali ya akalewo ndipo ndilankhula mosabisa. Mawu oti "Capcom inalola" satseka nkhani. Capcom ikufuna kugulitsa gemu, ife tikufuna mpikisano woyesa luso. Shoryuken, nkhonya yokwera m'mwamba yogwetsera wolumpha, ndi kutsogolo, pansi, pansi-kutsogolo, kenako nkhonya. Mnzako akalumpha uli ndi kanthawi kochepa kwambiri koti zala zichite zonsezo, ndipo mtima ukamagunda pa round yomaliza zimakanika. Kukanikako ndi mbali ya gemu. Wa Modern amangodina kutsogolo ndi batani la SP (la ma special), yatuluka. Zangief, yemwe kale umayenera kuzunguza stick yonse kuti umugwire mnzako, lero ndi batani. Ndiye mundiuze kuti tikusewera chinthu chimodzi?

MphunzitsiWaAtsopano:
Bambo StickYakale, zimene mwanenazo ndi zoona, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Koma tiike pamodzi ndi zomwe wa Modern amataya, chifukwa akale ambiri sanaitsegulepo n'komwe kuti aone.

Classic, njira yakale yosewerera, ili ndi mabatani asanu ndi limodzi, nkhonya zitatu ndi mateche atatu. Modern ili ndi atatu okha omenyera, Light, Medium ndi Heavy, kuphatikizapo SP ndi Assist. Ndiye kuti ma normal ena (zomenya wamba) kulibiretu, ndipo kwa ma character ena lomwe lachotsedwalo ndi batani lomwe wa Classic amalamulira nalo mtunda. Chachiwiri, special kapena super yotulutsidwa ndi njira yachiduleyo imachotsedwa 20 peresenti ya mphamvu yake. Chachitatu, pa SP susankha mphamvu ya special momwe umachitira pa Classic, umalandira yomwe gemu inakuikira. Akafuna mphamvu yonse, wa Modern amayenera kuchita motion yomweyo imene inu mumachita, ndipo odziwa amachitadi zimenezo mkati mwa combo.

Ndiye phindu lake lenileni ndi limodzi, liwiro loyankhira. Anti-air (chomenya chogwetsa wolumpha) ndi super zotuluka pomwepo. Phindu limenelo ndi lalikulu, sindikukana. Koma analigula, sanalitole.

WoweruzaWaBracket:
Ndiwonjezere. Evo ya 2023 inali ndi olembetsa opitirira 7,000 pa Street Fighter 6. Mwa asanu ndi mmodzi omaliza, Haitani anafika ndi Chun-Li wa Modern n'kuthera pa nambala 5, ndipo amene anapambana mpikisanowo ndi AngryBird, akusewera Ken wa Classic. Haitani ndi katswiri wakalekale wa ku Japan, zala zake sizikanika Shoryuken. Anaisankha ataona kuti ikumupindulira. Apa pali zinthu ziwiri. Modern ikhoza kufika patali, ndipo siinasese mpikisano.

StickYakale:
Chabwino, pamwamba siinasese. Koma ligi ya achimwene athuwa si Evo. Vuto lili pakati. Munthu wasewera miyezi yochepa akugwetsa munthu wa zaka zambiri chifukwa sungamulumphire ndipo sungaponye fireball ali ndi meter yotulutsira super. Kumeneko ndi komwe kukuwawa.

MayiWaStream:
Pamenepo ndiye mwanena chenicheni, bambo, ndipo ndikuthokoza kuti mwachitchula. Achimwene WokonzaLigi, werenganinso uthenga wa akalewo ndi mawu amenewa m'mutu. Ndikukhulupirira kuti mupezamo madandaulo awiri omangidwa pamodzi. Loyamba ndi loti Modern ndi yosalungama, ndipo limeneli likhoza kuyesedwa ndi zotsatira. Lachiwiri ndi loti zaka zomwe ndinathera mu training mode zatsika mtengo. Limeneli simungalithetse ndi lamulo, ndipo mukaliyankha ndi manambala mungowakwiyitsa, chifukwa amva ngati mukuwauza kuti akunama. Sakunama. Munthu amene anakhala usiku ndi usiku mpaka dzanja lizizunguza lokha ali ndi chifukwa chomvera kuwawa akaona mnyamata akuchita zomwezo tsiku loyamba.

Ndipo mndandanda uwu unaonapo kale mkwiyo wotere. Street Fighter III itatuluka mu 1997 inataya pafupifupi ma character onse okondedwa kupatula Ryu ndi Ken, n'kubweretsa parry, kupherera chomenya cha mnzako pa nthawi yeniyeni. Ambiri okonda Street Fighter II anaikana. Chun-Li anadzabwerera mu Third Strike mu 1999. Lero parry yomweyo ndiyo anthu amakumbukira, chifukwa cha zomwe Daigo Umehara anachita pa super ya Justin Wong ku Evo ya 2004. Ena mwa amene akukulemberani anakulira pa kusintha komwe akuluakulu awo anakukana.

Koma ndisanamizire kuti okwiya amakhala olakwa nthawi zonse. Super Smash Bros. Brawl ya 2008 inabwera ndi kupunthwa kongochitika mwangozi, character kugwa yekha ukuyamba kuthamanga. Osewera anadana nako, Nintendo sinakubwezerenso m'magemu otsatira, ndipo Melee ya 2001 ikadali ndi mipikisano yake mpaka pano. Tekken 8 nayo, Season 2 itafika mu 2025 n'kuwonjezera mphamvu kwa woukira pomwe anthu amapempha njira zodzitetezera, ndemanga pa Steam zinagwa kwambiri mpaka Bandai Namco inatulutsa ma patch okonza mwachangu. Ndiye funso lomwe ine ndimafunsa pa kusintha kulikonse ndi ili, kodi kwachotsa chisankho m'manja mwa wosewera kapena kwangosintha zomwe ayenera kusankha? Kupunthwa kwa Brawl kunachotsa. Modern siichita kanthu mwangozi. Ukuona chilembo M pa skirini masewera asanayambe, ukudziwa zomwe mnzakoyo angathe, ndipo uli ndi njira zomuyankhira.

WokonzaLigi:
Achemwali, mwandithandiza. Ndawerenganso uthengawo ndipo theka lake silikukhudza Modern n'komwe. Akudandaula za Drive Impact, kuti ndi batani la aliyense lomeza zomenya ziwiri n'kukuponyera kukhoma, komanso za Drive Rush, kuthamangira mnzako mwadzidzidzi, kuti yathetsa masewera a mtunda. Zimenezo wa Classic alinso nazo.

MphunzitsiWaAtsopano:
Eya, zimasakanikirana. Munthu akagonja ndi wa Modern amene wadina Drive Impact kangapo, mkwiyo wonse umagwera pa chilembo M. Chikhalirecho Drive Impact imatenga mafulemu 26 isanagunde, pa gemu yothamanga mafulemu 60 pa sekondi. Ndi nthawi yokwanira kuibweza ndi Drive Impact yako, kuigwira ndi throw kapena kuichita parry, bola maso akhale akuiyembekezera. Akale ambiri maso awo anazolowera kudikira kulumpha ndi dash basi, ndiye chinthu chachitatuchi chimawadutsa. Ndi chizolowezi, chimaphunzirika.

Za wa Modern wapakati amene bambo StickYakale akunena, ndimamuona sabata iliyonse. Amaima, amadikira, chala chili pa SP. Mukasiya kulumpha n'kumayenda pansi, mupeza kuti sadziwa chochita. Muopsezeni ngati mukulowa, tchingani, Shoryuken yake ipite m'mwamba yokha, ndipo potera mumulange ndi combo yanu yonse yosachotsedwa mphamvu. Mudyereni Drive Gauge, meter yochitira za Drive zija, mpaka ithe alowe burnout. Mugwireni ndi throw pakona. Zonsezi ndi luso lomwe akale ali nalo kale kuposa iye. Chomwe chimawagwetsa n'chakuti amafuna kupambana ndi njira yomwe ankapambanira pa gemu yapitayo.

WaZida:
Ine ndilankhule za tsiku la mpikisano, chifukwa mikangano yomwe ndaiona yambiri siyambira pa mfundo, imayambira pa setup. Mtundu wa control umasankhidwa pa skirini yosankhira character. Wa Modern akachoka pampando, wa Classic n'kukhala osayang'ana, round imayamba mabatani ali osokonekera, ndipo m'holo monse mumamveka kuti Modern yawononganso. Lembani m'malamulo kuti aliyense aone chilembo chake ndi kuyesa mabatani masewera asanayambe, ndipo akayamba osayang'ana vuto ndi lake. Woweruza aziima kumbuyo pa masewera oyamba a pool iliyonse. Ma padi opanda waya azichotsedwa pa makina munthu akamaliza.

Lembaninso za ma controller opanda stick aja a mabatani okhaokha, otchedwa leverless. Capcom inaika lamulo mu 2023 loti kudina m'mwamba ndi pansi nthawi imodzi kuzikhala ngati sunadine kalikonse. Mukalisiya losalembedwa, mkangano wotsatira ukhala umenewo, ndipo ena mwa odandaula za Modern ndi omwe ali ndi zida zimenezi, zomwenso zimafupikitsa motion. Sindikunena mowanyoza. Ndikungoti malire a chomwe timatcha luso la zala akhala akusuntha kwa nthawi yaitali, kuchokera pa stick ya mu arcade, kupita pa padi, kufika pamenepa.

StickYakale:
Za leverless mwandigwira, ndili nayo. Komabe ine ndimadina mabatani atatu motsatana ndipo ndikhoza kuphonya. Kusiyana kulipo ndithu.

Ndinene chomwe chingandibweretse, mwina chithandize achimwenewa. Sindikufuna kumva kuti "zolowerani basi". Ndikufuna malo amodzi pomwe zomwe ndinaphunzira zikuwerengedwa. Mukaika bracket yapambali ya Classic yokha, kapena Third Strike pa setup imodzi, yokhala ndi nthawi yake pa stream osati pakona pomwe palibe akuona, ine ndibwera ndipo yaikuluyo ndilowanso. Ndizidandaulabe, koma ndili pampando.

MayiWaStream:
Imeneyo ndi njira yabwino, koma musamale dzina. Mukaitcha bracket ya "osewera enieni" mwatukwana theka la holo. Ingokhalani Classic Cup kapena dzina lina lopanda mbola, ndipo wa Modern wofuna kuyesa Classic aloledwe kulowa. Mapointi a ligi azichokera ku yaikulu yokha.

China ndi maikolofoni. Ofotokozera anu ndi akale omwewo, ndipo mawu amodzi onyoza pa stream, monga kuseka kuti "batani limodzi lija", amathamangitsa watsopano msanga kuposa kugonja. Khalani nawo pansi musanayambe. Asabise kuti uyu ndi wa Modern, azinena, koma azifotokoza zomwe zikusintha pamasewerawo, kuti wa Classic sangalumphe mwachisawawa, kuti super ija ichotsa moyo wochepa. Owonera amaphunzirapo, ndipo wofotokozayo amaoneka wodziwa. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndiye apatseni udindo umenewo poyera. Munthu amene wapemphedwa kuphunzitsa amavutika kunyanyala.

WoweruzaWaBracket:
Ndipo musaponye voti pagulu. Ndaonapo ena akuyesa, zimangosanduka kuwerengana mitu, ogonja amachoka ndi mkwiyo woposa woyamba. Lamulo mulipange inu, mulembe chifukwa chake m'mizere yochepa, n'kulonjeza chinthu choti angakugwireni nacho. Pa fomu ya kalembera onjezani funso la Classic kapena Modern. Season ikatha mutulutse kuti a Modern analembetsa angati, angati anafika top 8, angati anapambana. Zikaonetsa kuti akusesa mopitirira chiwerengero chawo, nkhani itsegulidwenso. Akale adziwe kuti dandaulo lawo layikidwa pa sikelo, silinatayidwe.

Chinanso, nenani pasadakhale za ma patch. Capcom ikasintha ma character pakati pa season, mumasewera pa version yatsopano kuyambira liti? Patch ikatuluka masiku ochepa mpikisano usanachitike anthu amafika atakwiya kale. Pa makina olumikizidwa pa intaneti kubwerera ku version yakale n'kovuta, ndiye zimitsani zodzikonza zokha pa ma setup ngati mukufuna kudikira.

WokonzaLigi:
Zikomo nonse. Ndalemba motere. Bracket yaikulu, Classic ndi Modern zonse zololedwa, Dynamic ayi. Kuyesa mabatani n'kokakamiza. Lamulo la m'mwamba ndi pansi ndalikopera monga lilili kwa Capcom. Classic Cup ichitika tsiku lomwelo top 8 isanayambe, pa stream yaikulu, yopanda mapointi a ligi. Funso la control lalowa pa fomu ndipo ziwerengero zituluka season ikatha. Akalewo sindiwayankha pa gulu, ndiwaimbira mmodzimmodzi malamulo asanatuluke, kuti asawaonere pa Facebook ngati alendo.

Chomwe sindinathe kuganiza ndi phunziro la momwe angalimbanire ndi Modern. A MphunzitsiWaAtsopano, mungalitsogolere? Ndikuopa kuti akale sangavomere kuphunzitsidwa pamaso pa ana.

MphunzitsiWaAtsopano:
Musalitche phunziro. Ikani ma set aatali, woyamba kupambana kakhumi, wakale mmodzi ndi wa Modern mmodzi, pakhomo potsekedwa popanda stream. Pa set yaitali chonchi wakale amagwira zizolowezi za mnzakeyo yekha pofika pakati, palibe womuuza. Akamaliza asinthane, wakale ayese Modern kuti amve batani lomwe likusowa, watsopano ayese Classic wakaleyo akumuonetsa motion. Ine ndibweretsa a Modern anga olimba, osati oyamba kumene, kuti zisaoneke ngati tawakonzera.

StickYakale:
Ndilembeni pa set yoyamba. Mundipezere wa Zangief, ndikufuna ndione mtunda womwe batani lakelo limafika. Third Strike ndibweretsa ine pa makina anga, inu mungopeza monitor yosachedwetsa chithunzi.