Ma controller awiri a WiFi, angatengerane ma setting okha?

Chikondi_A47:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira netiweki pa loji ina ku Area 47, tili ndi ma access point (zida zoulutsa WiFi) a UniFi 14, ndipo controller, pulogalamu yowayendetsa, ili pa kompyuta yakale ya Ubuntu kunsi kwa desiki ya pa reception. Abwana atsegula nthambi ina ku Area 10, kumenekonso kuli kompyuta. Ndikufuna ya ku 47 ikafa, ya ku 10 itenge ntchito pompopompo. Auto backup ndinayatsa kale. Kodi zakwana? Nanga pali njira yoti ziwirizi zizitengerana ma setting zokha?

Mavuto_Kanengo:
Achimwene, backup imeneyo ikugona kuti? Pa Ubuntu mafayilo a backup, a .unf, amapita mu /var/lib/unifi/backup/autobackup, pa hard disk yomweyo. Ikapsa, zonse zapita limodzi, ngati kutsekera kiyi wa sipeya m'galimoto momwemo. Ikani cron (yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika) kuti usiku uliwonse rsync (yokopera mafayilo) izikankhira fayiloyo ku kompyuta ya ku Area 10. Sankhani ya settings only, ndi yaing'ono, siidya bundle. Koma chonde musamaiponye pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito, muli ma password a WiFi yonse mmenemo.

Tadala_IT:
A Mavuto anena zoona. Zotengerana zokhazo iwalani, controller yoika nokha pa kompyuta ilibe zimenezo. Access point iliyonse imamvera controller imodzi basi. Ndiponso simufunika ziwiri zoyenda nthawi imodzi, nthambi ya ku 10 ipangeni site yachiwiri mu controller yomweyo.

Chimene ine ndimachita ndi ichi. Ma access point asamafune controller pa IP (nambala ya kompyuta pa netiweki), azifuna pa dzina la DNS (dzina loloza ku nambalayo), pa port 8080. Dzinalo mumaliika pa inform host mu ma setting. Tsiku la tsoka mumachita restore fayilo ya .unf ku kompyuta inayo, n'kusintha DNS kuti dzinalo liloze kumeneko, ma access point amabwera okha. Popanda izi mudzalowa imodzi imodzi pa SSH (njira yolamulira chida muli patali) kulemba set-inform yoiuza kumene controller ili, zina mpaka kukwera makwerero kukadina reset kudenga, alendo akukuyang'anani.

China, backup salola kuibwezera pa version yakale kuposa imene inachokera. Mukachita update ku 47, tsiku lomwelo chitaninso ku 10. Ndipo pulogalamu ya controller ya ku 10, osati kompyutayo, izikhala yozimitsa mpaka tsiku lofunikalo.

Chikondi_A47:
Zikomo achemwali. Ndiye controller ikafa WiFi imathima nthawi yomweyo? Abwana ndi zimene akuopa.

Tadala_IT:
Ayi, ma access point amapitiriza ndi ma setting amene ali nawo. Chimene chimaima ndi tsamba lolowera alendo lija, la ma voucher, ngati likuchokera pa controller. Pa loji ndiye nkhani yaikulu imeneyo, mlendo wofika usiku sangalowe pa intaneti.

Mavuto_Kanengo:
Muwauzenso abwana agule batire ya UPS. Controller imasunga zonse mu database ya MongoDB, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi ikulemba, database imatha kuwonongeka, mawa lake osadzukanso. Loweruka likubwerali yesani restore ku Area 10 chingwe cha netiweki mutazula, muone ngati ma SSID (mayina a WiFi) ndi ma VLAN (magawo a netiweki) onse abwera.