Ndalama zandithera ndili pakati pa chithandizo cha khansa: kodi ndingadumphe ulendo umodzi?

Wolandira kemo:
Ndinapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo madokotala anandiuza kuti ndilandire kemo (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa) maulendo 6, kamodzi pa masiku 21 aliwonse. Pakadali pano ndalandira katatu. Chimene chikundisowetsa tulo si ululu koma ndalama, chifukwa ntchito ndinasiya, ndipo mng'ono wanga amene amandiperekeza naye amataya malipiro tsiku lililonse limene tapita kuchipatala. Dzulo ndinakhala pabedi ndi kope langa la ngongole, n'kumawerenga mayina a anthu amene anandibwereka, mpaka ndinalitseka ndisanafike kumapeto. Kodi ndikadumpha ulendo wachinayi kuti ndipezeko kaye ndalama, pali vuto lalikulu?

Namwino wopuma pantchito:
Mayi, chonde musadumphe musanalankhule ndi dokotala wanu. Masiku 21 amenewo sanangoikidwa mwachisawawa: amapatsa thupi mpata woti maselo a magazi abwerere, koma mpatawo ukatalika kwambiri, maselo a khansa amene anatsala nawonso amayambanso kuchulukana. Odwala ambiri amachita manyazi kutchula za ndalama m'chipinda cha dokotala, komatu nkhaniyi ndi mbali ya chithandizo chenicheni. Mukanena poyera, angathe kuika kuyeza magazi ndi kuonana ndi dokotala pa tsiku limodzi, kukulemberani mankhwala ofanana mphamvu koma otsika mtengo, kapena kukutumizani kwa wogwira ntchito yothandiza odwala ovutika, ngati chipatalacho chili naye.

Bambo amene anasamalira mkazi wawo:
Pepani kwambiri, mayi. Ife chimene chinatipweteka chinali katapila, yemwe tinatenga mwezi wachiwiri poganiza kuti tibweza msanga; chiwongoladzanja chake chinaposa mtengo wa mankhwala onse. Sungani zikalata zonse za zotsatira m'fayilo imodzi, chifukwa tinalipiranso sikani (kujambula m'kati mwa thupi) kachiwiri pepala loyamba litasowa. Mufunsenso tsopano ngati mudzafunika rediyesheni (kupha maselo a khansa ndi cheza cha makina) mukamaliza kemo, popeza imeneyo nthawi zambiri amapereka masiku 5 pa mlungu kwa milungu ingapo, ndipo ndalama za mayendedwe ndi malo ogona zimakwera kwambiri. Achibale akamafunsa kuti akuthandizeni bwanji, atchulireni tsiku ndi mtengo wa ulendo umodzi, pakuti munthu savutika kunyamula katundu amene akudziwa kulemera kwake.

Wolandira kemo:
Zikomo nonse. Za rediyesheni sindinaziganizepo n'komwe. Lachiwiri ndili ndi tsiku loyezetsa magazi, ndipo kope lija ndilitenga kuti ndikawaonetse adokotala.