Corolla ya 4A-FE: ma rev akukwera ndi kutsika ikatentha

Sipanala12: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Pagalaja pano pali Corolla AE101, injini ya 4A-FE. Ikangolira m'mawa zonse zili bwino, ma rev ali m'mwambako monga zimakhalira injini ikakhala yozizira. Koma ikayenda pang'ono, m'malo mokhazikika cha pa 750, muvi ukungokwera kufika 1,500, kugwa pa 1,000, kukweranso, osalekeza. Mapulagi ndi atsopano, fyuluta ya mpweya ndi yatsopano, throttle body ndatsuka. Nyali ya check engine sikuyaka. Mwini wake akuti pamsewu ikukoka bwino, koma mafuta ikumwa kuposa kale.

WaMagiya: Achimwene, bwezaniko pang'ono kasikulu ka pa throttle, ma rev atsika.

Madala a Injini: Ayi, kasikulu kameneko kasiyeni. Kanachunidwa kufakitale, ndipo TPS, sensa youza kompyuta mmene throttle yatsegukira, imadalira pomwe kaimitsa chitseko cha throttle. Mukakasuntha, mavuto akhala awiri. Sipanala12 mwana wanga, yamba wandiuza ichi: injiniyo ikumisa, kapena ikungosakasaka? Yomisa imanjenjemera, chiwongolero chimagwedezeka, ku ekizozi kumamveka phu, phu. Imeneyo timaifufuza kumoto, ku ma injector ndi ku compression. Yosakasaka imalira mosalala, kungoti siikhala malo amodzi. Imeneyo nthawi zambiri ndi nkhani ya mpweya.

Sipanala12: Sikumisa madala. Ndazula mawaya a mapulagi imodziimodzi, silinda iliyonse ikugwetsa injini mofanana. Kulira kwake n'kosalala.

WaZamagetsi: Ngakhale nyali sikuyaka, werengani makodi. Tsegulani kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS mu boneti, lumikizani timabowo ta TE1 ndi E1 ndi kawaya, kiyi pa ON osaliza injini. Nyali ikamaphethira mofanana osapumira, ndiye kuti kompyuta ilibe dandaulo. Ikakupatsani 22 ndi sensa ya kutentha kwa madzi, 31 ndi MAP (sensa yoyeza mphamvu ya mpweya mu manifold), 41 ndi TPS.

Kukwera ndi kutsikako kuli ndi chifukwa chake. Injiniyi imayeza mpweya ndi MAP. Mpweya ukalowa wochuluka, kulikonse komwe walowera, kompyuta imauona n'kuwonjezera petulo, ma rev n'kukwera. Koma TPS ikuiuza kuti phazi silili pa accelerator. Ndiye ikaona ma rev apyola malire imadula mafuta, injini n'kutsika, n'kuwabwezeranso, injini n'kukweranso. Kompyutayo ikugwira ntchito yake molondola, musaiganizire zoipa. Funso ndi lakuti mpweya woonjezerawo ukulowera pati.

Sipanala12: Ndalumikiza. Ikuphethira mofanana, palibe kodi.

Mayi Makaniko: Ndiye tsatani mpweya, achimwene. Injini ikulira, finyani mapaipi a vacuum ndi pulayala, imodziimodzi: ya brake booster, ya PCV (yotulutsa mpweya wa m'kati mwa injini kupita ku manifold), ndi ting'onoting'ono tonse tochoka pa manifold. Pa galimoto zakale raba imauma n'kung'ambikira kunsi komwe diso silifika. Ena amapopera carb cleaner mozungulira gasiketi ya manifold kuti amve ngati kulira kusinthe. Zimathandiza, koma chozimitsira moto chikhale pafupi, ndipo musapopere cha ku distributor.

Zikakanika izi, chotsani paipi yaikulu ya mpweya muyang'ane m'kamwa mwa throttle body. Musanafike pa chitseko pali bowo lomwe limapititsa mpweya ku valavu ya ISC, yomwe imalowetsa mpweya injini ikamalira phazi lisali pa accelerator. Litsekeni ndi chala injini ikulira. Ikapitiriza kulira m'mwamba, mpweya ukubedwa kwina. Ikagwa, wakuba ndi ISC yemweyo.

Sipanala12: Mapaipi onse ndafinya, palibe chasintha. Koma nditangoika chala pa bowolo, injini yagwa mpaka kufuna kuzima. Ndiye ndigule ISC ina?

Madala a Injini: Dekha kaye. Valavu imeneyo ili ndi timapaipi tiwiri ta madzi kunsi kwa throttle body. M'kati mwake muli kasipuling'i kachitsulo komwe kamapindika ndi kutentha: kakazizidwa kamalola mpweya wambiri kuti injini itenthe msanga, madzi otentha akafika kamachepetsa njira. Madzi akapanda kufika, valavu imakhala ngati kudakali m'mawa tsiku lonse. Injini itatentha, gwira timapaipi tiwirito, mosamala. Undiuzenso pomwe muvi wa temperature umaima galimoto ikamathamanga.

Sipanala12: Madala, kamodzi n'kofunda pang'ono, kena n'kozizira ndithu. Nditadikira kuti injini izizire ndatizula tonse. Kachitsulo kolowera madzi katsekeka ndi dzimbiri lofiira, lolimba ngati dothi louma, moti waya ndachita kukankha kuti adutse. Za muvi, mwini wake akuti pamsewu umangotukuka pang'ono kuchoka pa C. Ndatsegula pokhala thermostat, mulibe kanthu. Wina anaichotsa.

WaMagiya: Koma zochotsa thermostat ambiri amachita, makamaka galimoto ikamawira. Amati madzi aziyenda momasuka.

Madala a Injini: Amachitadi, ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa injini zabwino zikutha msanga ndi khalidwe limeneli. Thermostat ya 4A-FE imayamba kutseguka cha pa madigiri 82, ndipo injini inapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha choncho. Ikamayenda yozizira, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri, n'chifukwa chake mwini wake akudandaula za mafuta. Petulo wotsalayo amatsuka oilo m'makoma a silinda, maring'i a pisitoni n'kumadyeka. Ndipo chomwe chinkawiritsa galimotoyo chimakhala chikadalipo: rediyeta yotsekeka, fani yosazungulira, kapu yotha mphamvu, kapena gasiketi ya hedi. Dzimbiri lomwe wapezalo likusonyeza kuti mwakhala mukuthiridwa madzi okhaokha opanda coolant kwa nthawi yaitali.

WaZamagetsi: Poti mwatsegula kale, yezani sensa ya madzi yopita ku kompyuta, ya mawaya awiri ija, osati ya waya umodzi yopita ku dashibodi. Pa madigiri 20 iwerenge pakati pa 2 ndi 3 kilo-ohm, pa madigiri 80 itsike kufika cha pa 0.3. Sensa ikhoza kunama osatulutsa kodi 22, bola waya sanaduke.

Mayi Makaniko: Poika thermostat yatsopano, kavalavu kakang'ono ka m'mbali mwake kayang'ane kumwamba. Mukathira coolant, hita ikhale pa HOT, kapu ya rediyeta yotsegula, injini ilire mpaka thovu lithe. Mpweya ukatsalira m'timapaipi ta ISC, kusakasaka kuja kubwerera ndipo muganiza kuti ntchito yalephereka.

Sipanala12: Zikomo nonse. Ndatsuka njira ya madzi, timapaipi ndasintha, ISC ndaimasula n'kuchotsa mwaye mpaka ikuzungulira momasuka, gasiketi yake ndaika yatsopano. Sensa ikuwerenga bwino. Thermostat yalowa, mpweya ndatulutsa. Tsopano ikatentha ikukhala cha pa 750 osasuntha, ndikayatsa magetsi ikugwa pang'ono n'kudzibweza yokha. Timing ndayang'ananso TE1 ndi E1 zili zolumikiza, ili pa madigiri 10.

Madala a Injini: Wagwira ntchito. Koma usaipereke lero. Isiye ilire poima mpaka fani iyake n'kuzima yokha, kenako ukaikweze mtunda uone muvi. Ikazizira, yendetsa dzanja pa rediyeta injini ikamatenthanso, fani utaizula pulagi: pakakhala malo ozizira pakati, mizere yatsekeka, ndipo mwini wake umuuze za rediyetayo asanatenge kiyi.

Sipanala12: Fani ikuyaka bwino madala. Koma kumunsi kwa rediyeta, mbali ya kumanzere, kukuchedwa kufunda. Ndikuimasula tsopano.