Lottie Dod anasiyiranji tenisi akadali mtsikana?

Nachisale: Abale, ndithandizeni. Mwana wanga wamkazi wayamba tenisi kusukulu, ndiye wabwera ndi dzina la Lottie Dod, mtsikana wa ku England amene anatenga chikho cha Wimbledon mu 1887 ali ndi zaka 15 zokha. Akuti pa masewero a mmodzimmodzi palibe mkazi wina amene anachitengapo ali wamng'ono chonchi. Chandidabwitsa n'chakuti anasiya mu 1893, asanakwanitse zaka 22. Kodi anavulala? Mwanayu akundifunsa, ndipo ndikufuna kumuyankha zoona.

Mbewe wa ku Leeds: Mayi Nachisale, sikuvulala ayi. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo tenisi sinali ntchito. Wopambana sankalandira ndalama zoti n'kudyera. Ndalama zinayamba kuperekedwa ku Wimbledon mu 1968. Lottie anabadwira ku Bebington, kufupi ndi Liverpool, ndipo bambo ake analemera ndi malonda a thonje, moti ana awo sanafunikire kugwira ntchito. Ankasewera chifukwa chokonda basi. Anapambana kasanu: 1887, 1888, 1891, 1892 ndi 1893, ndipo ulendo uliwonse pa ndime yomaliza anagonjetsa munthu mmodzi yemweyo, Blanche Bingley, amene atakwatiwa ankatchedwa Hillyard. Mukamagonjetsa munthu yemweyo chaka ndi chaka popanda malipiro, mtima umafuna china. Iye anapita ku gofu ndipo mu 1904 anatenga chikho cha akazi cha dziko la Britain ku Troon. Anaseweranso hoke m'timu ya England. Mu 1908, pa Olimpiki ya ku London, anapeza mendulo ya siliva poponya mivi, pomwe mchimwene wake William anapeza ya golide pa masewero omwewo.

Namoyo: A Mbewe anena bwino, koma tisaiwale malamulo a nthawi ija. Mwini chikho sankayambira pansi ngati lero. Ena onse ankalimbana okhaokha, iye n'kudikira kuti akumane ndi wopambanayo kamodzi kokha. Lamuloli linatha mu 1922. Akazi olowa mpikisano analinso ochepa kwambiri. Sindikumuchepsa ayi, koma zikho zisanu za nthawi imeneyo si zofanana ndi zisanu za Venus Williams, katswiri wa tenisi wa ku America.

Mbewe wa ku Leeds: Zoona, Anamoyo. Komabe taganizirani zovala: amayi ankasewera atavala madiresi ofika m'mapazi. Lottie poyamba ankaloledwa siketi yofupikirapo chifukwa anali mwana, ndiye ankathamanga momasuka. Mpira woyambira ankaumenyera m'munsi, koma ankatha kupita kukamenyera mpira pafupi ndi neti, chinthu chimene akazi ambiri sankachita.

Nachisale: Zikomo nonse. Za gofu ndi mivi sindimuuza msanga, angandipemphe uta ndisanamalize kulipira raketi ya ngongole ija. Koma za neti ndimuuza madzulo ano, chifukwa aphunzitsi ake akudandaula kuti amakakamira kumbuyo kwa bwalo.