Tingapereke bwanji nyemba ndi kabichi kuchipatala osadzera kwa mavenda?

MlimiWaBembeke:
Moni nonse. Tili ndi kalabu ya alimi 23 kuno ku Dedza, timalima nyemba, kabichi ndi kachewere. Chikundiwawa nchakuti mavenda amabwera ndi lole kudzatigula pamtengo wolira kenako nyemba zomwezo nkukapereka kuchipatala chapafupi nafe pomwe. Mayi anga atagonekedwa ndinali gadiyani, ndinaona ndi maso angawa matumba akutsitsidwa kukhitchini, lina linali ndi chizindikiro changa chomwe ndinalemba ndi makala. Njira yake ndiyotani kuti tizikapereka tokha?

NaPhiri_LL:
Achimwene vuto loyamba ndi kalabuyo, chipatala cha boma sichingagule kwa gulu lopanda mapepala. Lembetsani kukhala kopaletivi ku unduna wa zamalonda, mutenge TPIN (nambala ya msonkho) ku MRA, mutsegule akaunti ya gulu kubanki kenako mulembetse ku PPDA (bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu m'boma), popanda satifiketi ya PPDA kotesheni yanu sayiyang'ana nkomwe. Alangizi a ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera) kwanuko atha kukuthandizani poyambira.

Chisale77:
Mapepala ndi nkhani yaing'ono, funsani za malipiro. Ine ndinapereka matumba 40 a nyemba kuchipatala china chaboma, LPO (chikalata chawo choitanitsira katundu) ndinali nayo bwinobwino koma ndalama ndinadikira miyezi 7, ukapita akuti fandingi sinabwere, ukapitanso akuti osayina ali ku msonkhano, pomwe alimi anzanga akundigogodera khomo tsiku ndi tsiku mpaka ena kumati ndawadyera. Ndipo ikamabwera amakhala adula kale msonkho wa withholding tax. Venda amapirira chifukwa ali ndi mpamba, mlimi akufuna ya feteleza Novembala asanafike.

MayiWaKhitchini:
Ine ndimaphika pa sekondale yogonera konko. Ndikuuzeni zoona, timakonda za alimi chifukwa kabichi amafika ali fuleshi. Koma odwala ndi ana asukulu amadya chaka chonse, Febuluwale yemwe, nthawi imene inu nkhokwe zauma. Mukalonjeza Lolemba lililonse pasakhale zoti msewu waterera kapena kunali maliro. Nyembanso zikhale zouma, zopeta, zamtundu umodzi, mukasakaniza zina zimapsa zina zikadali gwa ndipo nkhuni zimatha. Zofumbwa timabweza pageti pomwe. Thumba likhale 50kg yapasikelo osati yoyeza ndi ndowa.

NaPhiri_LL:
Eya, nchifukwa chake ndinganene kuti yambani ndi zipatala za mishoni za CHAM kapena sukulu zogonera, muzipereka pang'onopang'ono mukuona mmene akulipirira. Funsaninso kwa DC za sukulu za pulaimale zomwe zimagula chakudya cha ana kwa magulu a alimi mothandizidwa ndi WFP.

MlimiWaBembeke:
Zikomo kwambiri nonse. Za Febuluwalezo dimba tili nalo, kabichi sangatheretu, nyemba ndiye tikambirane zosunga. Loweruka tili ndi msonkhano wa kalabu. A Chisale, kodi LPO ija munalembapo tsiku lolipira kapena ayi?