Manovelo a chikondi cha mavampaya ndi afiti: wolemba akapotoza mbiri yakale zili ndi kanthu?

mwana_wa_mabuku:
Abale ndithandizeni maganizo. Mng'ono wanga wa Fomu 3 wagwa nawo manovelo aja a achinyamata, oti mtsikana wa sekondale akukondana ndi mnyamata yemwe si munthu weniweni, kaya vampaya (wakufa woyamwa magazi a anthu) kaya mzukwa kaya mfiti yazaka 300 koma nkhope ya mwana wazaka 17. Ina yomwe akuwerenga pano mnyamatayo akuti anabadwira ku Salem ku America ndipo mayi ake anawotchedwa pamtengo mu 1692 anthu akuonerera. Ine ndinamva kuti ku Salem sanawotcheko munthu, ndiye tatsutsana kwambiri, iye akuti ndi nthano basi bwanji ndikuvutika. Inu mukuona bwanji, buku loti muli kale mavampaya likuyeneranso kunena zoona pa mbiri?

Nachisale88:
Munamva zoona achimwene. Ku Salem, m'dera la Massachusetts, anthu 19 ananyongedwa ndi chingwe pa milandu ya ufiti, akazi 14 amuna 5, woyamba anali Bridget Bishop pa 10 June 1692. Gogo wina Giles Corey anakana kuyankha mlandu ndiye anamusanjikiza miyala pachifuwa mpaka anafa. Ena anafera m'ndende. Zowotcha zinkachitika ku Scotland ndi ku Germany monga ku Würzburg ndi Bamberg, koma Salem inkatsata malamulo a ku England omwe ankanyonga. Ine za moto sizindipweteka kwambiri, chimandipweteka ndi choti mabuku amenewa amalemba ngati anthu aja analidi afiti amphamvu zobisika, pomwe nkhani yonse ya Salem ndi yoti anali osalakwa. Ndipo ambiri omwe ankavomera ufiti sankaphedwa, omwe ankanyongedwa ndi aja okana kunama. Mpaka kamwana kazaka 4, Dorothy Good, anakatsekera m'ndende. Ndiye iwe ubwere uwasandutse afiti enieni kuti chibwenzi cha m'buku chikome, ukuvomereza zomwe owanamizira aja ankanena.

Jay_wa_Joni:
Mmm inu mukukhwimitsa zinthu. Mwana akuwerenga buku, thokozani Mulungu sali pa TikTok usiku wonse. Palibe amene amatsegula novelo ya vampaya kuti akakhoze History, amafuna aone ngati awiriwo apsompsonane pa chaputa 20 basi. Diresi ikhale ya chaka cholakwika, magalimoto abwere msanga, ine sindikuonapo vuto.

Nachisale88:
Za diresi ndikugwirizana nanu a Jay, olo wolemba amuveke mtsikana zipi zaka 200 zipi asanaipange palibe wavulala. Koma diresi si munthu yemwe anaphedwa ndipo dzina lake lilipo.

MphunzitsiWaChingerezi:
Ndiwonjezereko ina yomwe ndimaiona kawirikawiri, mnyamata vampaya yemwe anali msilikali wa Confederate (mbali ya kummwera) pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865. Amamulemba waulemu, wotsegulira mtsikana chitseko, kwawo kunali nyumba yaikulu yoyera ndi minda ya thonje, koma buku lonse osatchula kuti ankalima mindayo ndani. Mu 1860 ku America kunali akapolo pafupifupi 4 miliyoni ndipo mbali yomwe mnyamata wokongolayo ankamenyera inkafuna ukapolo upitirire. Apa wolemba sananame chaka chilichonse, madeti onse ali bwinobwino, wangosiya anthu 4 miliyoni panja. Ana athu akuda amawerenga zimenezi nkumasirira munthu yemwe akanawagulitsa pamsika, ndipo mtsikana wa m'bukumo samufunsa olo funso limodzi. Ine ndikanakonda amufunse, bukulo likanakoma kuposa pamenepo chifukwa munthu woti wakhala zaka 150 ali ndi zoti ayankhe.

Tadala_reads:
Komanso mbiri yeniyeni imaopsa kuposa zopeka zawozo, sindimvetsa chifukwa chake amaithawa. Mu 1892 ku Exeter, Rhode Island, mtsikana wazaka 19 Mercy Brown anamwalira ndi TB, mayi ake ndi mkulu wake anali atapita kale ndi matenda omwewo ndipo mchimwene wake Edwin anali akudwala, anthu a m'mudzi anati wakufa wina akuyamwa moyo wa banjalo, anafukula mtembo wake nkuwotcha mtima phulusa kumumwetsa Edwin, iye anamwalirabe patapita miyezi ingapo. Imeneyo ndi nkhani ya mtsikana msinkhu womwewo wa owerenga, wolemba atha kuikamo chikondi ndi mizimu yake osasintha zomwe zinachitika.

Ndipo ife tisamaone ngati za kutali, tonse tikukumbuka 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongowaganizira. Wina patapita zaka 100 alembe novelo yoti omwe anaphedwawo ankapopadi magazi koma anali okongola, abale awo angamve bwanji?

Jay_wa_Joni:
Apo ya Mulanje yandigwira. Komabe musamulande mwana bukulo, amalize.

mwana_wa_mabuku:
Kumulanda ayi a Jay, ndalama zake zomwe anagulira. Ndamuwerengera zomwe mwalemba a Nachisale, wakhala chete pa nkhani ya kamwana kazaka 4 kaja. Pano wapeza yekha pa intaneti za Elizabeth Johnson Jr. yemwe anaweruzidwa kuti aphedwe ku Salem mu 1693 koma sananyongedwe, dzina lake linayeretsedwa mu 2022 ana asukulu a ku North Andover atalimbikira nkhani yake, ndiye akundifunsa ngati alipo amene akudziwa novelo ya Salem yoti mtsikana wake ndi wonamiziridwa osati mfiti. Amene mukuidziwa tiuzeni.